Laisensi ya Mchimwene Wanga ndi Galimoto Zodziyendetsa Zokha

Mwezi wathawu mchimwene wanga wamng'ono, chitsirizira cha m'nyumba mwathu, anabwera pa benchi yanga mumsika wa pa Boma dzuwa litapendeka. Anakhala pa ndowa n'kuyamba kundithandiza kuunjika milu ya usipa, zomwe sachita masiku onse. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Achemwali, kabaza yandikwana. Mundithandize ya sukulu yophunzirira galimoto, ndikatenge laisensi. Ndikapeza ntchito ndidzabweza, zoona."

Mnyamatayu ali ndi zaka 24. Wapalasa njinga zaka zinayi, kuchoka pa depoti kupita kwa Mpondasi, kapena kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kunka kutsidya, dzuwa la Mangochi likumuwotcha pamutu. Ndalama yomwe amapemphayo, mukaphatikiza ya sukulu, ya mayeso ndi zina zapambali, ndi yofanana ndi mpamba wanga wa maulendo awiri okapikula nsomba. Kuti ndiipeze ndiye kuti ndikatenge ku banki mkhonde, ndipo amene muli m'magulu amenewa mukudziwa kuti chiwongola dzanja sichidikira kuti mchimwene wako apeze kaye ntchito. Ndinamuuza kuti andipatse masabata awiri.

Usiku womwewo ndinawafotokozera bambo a kunyumba. Iwo sanayankhe msanga. Anatenga foni, n'kusakasaka, kenako n'kundipatsira.

"Amake mwana, taonani izi. Alamu akufuna kuphunzira ntchito yoti ikutha."

Inali vidiyo ya galimoto yoyera ikuyenda mumzinda wina ku America. Pampando wa dalaivala panalibe munthu. Chiwongolero chimapotoka chokha, galimoto imaima yokha pa maloboti, mayi wina ali phee kumbuyo akudya zake. Poyamba ndinaseka, ndinati izi ndi zopanga pa kompyuta. Koma tulo sitinabwere. Nanga ngati zili zoona, si ndiye kuti nditaya mpamba wanga pophunzitsa mwana ntchito imene makina akubwera kudzailanda?

Ndiye masabata awiri ajawa ndinawathera kuwerenga. Ndikaweruka kumsika, ana akagona, ndimagula bandulo ya usiku n'kumafufuza. Chingerezi changa ndi cha Fomu 4, mawu ena amandipita, koma zikuluzikulu ndinazigwira.

Choyamba, vidiyo ija si yabodza. Galimoto zija ndi za kampani ya Waymo, yomwe inayamba mu 2009 ngati ntchito ya Google. Mu 2020 anayamba kunyamula anthu wamba popanda dalaivala mumzinda wa Phoenix, kenako anafika ku San Francisco ndi ku Los Angeles. Ku China nakonso kampani ya Baidu ili ndi matakisi otere mumzinda wa Wuhan. Galimotoyo imaona pogwiritsa ntchito makamera, zida za radar, ndi china chozungulira padenga chotchedwa lidar, chomwe chimaponya kuwala mbali zonse n'kumayeza kuti chinthu chilichonse chili patali bwanji. Zonsezi zimapita mu kompyuta, ndipo kompyutayo ndi imene imaganiza zoti iime, ikhote kapena ipitirire.

Koma pali zomwe vidiyo sinanene. Galimoto zimenezi sizigulitsidwa kwa munthu ngati inu ndi ine, ndi matakisi a kampani. Siziyenda paliponse, zimangoyenda m'dera lomwe eni ake analijambula kale mapu mpaka ngodya iliyonse ndi chikwangwani chilichonse. Ndipo ikasokonezeka, pali anthu akhala mu ofesi ina omwe amaiuza chochita. Tinganene kuti ndi mbuzi ya pachingwe: imadya yokha, koma pomwe chingwe chalekezera.

Akatswiri amagawa nkhaniyi m'magawo, kuyambira 0 mpaka 5. Pa 0 munthu amachita zonse. Pa 1 ndi 2 galimoto imathandizako, monga kusunga liwiro kapena kukhala pakati pa mizere, koma maso a dalaivala asachoke pamsewu. Pa 3 munthu atha kuyang'ana kumbali nthawi zina, koma akhale wokonzeka kugwira chiwongolero galimoto ikamuitana. Pa 4 ndi pomwe pali matakisi aja, opanda munthu koma m'dera lodziwika. Gawo 5 ndi galimoto yoti muiuze kuti tiye kwa Makanjira, mvula ikugwa, iyo n'kunyamuka. Imeneyo palibe amene waipanga. Ngakhale Tesla yomwe anthu amaitchula kwambiri, zomwe amagulitsa kwa anthu zimafunabe dalaivala amene ali maso. Mwini wake, Elon Musk, ananena mu 2019 kuti pofika 2020 adzakhala ndi matakisi odziyendetsa okwana miliyoni imodzi pamsewu. 2020 inafika, inadutsa. Ife a kumsika timawadziwa makasitomala otere, oti "ndibwera mawa ndi ndalama yonse".

Ena anayesa n'kuleka. Kampani ya Cruise inali ndi matakisi ake ku San Francisco, koma mu 2023 imodzi inakoka munthu pansi pamsewu, boma la kumeneko linawalanda chilolezo, ndipo kumapeto kwa 2024 eni ake, a General Motors, anasiya kuikamo ndalama. Koma nkhani yomwe inandikhudza kwambiri ndi ya mu Malichi 2018 ku Tempe, m'chigawo cha Arizona. Galimoto ya Uber yomwe imayesedwa inagunda ndi kupha mayi wa zaka 49 amene amawoloka msewu usiku akukankha njinga yokhala ndi majumbo. Ofufuza anapeza kuti makina anamuona masekondi oposa asanu isanamugunde, koma amangosinthasintha maganizo: kaya ndi galimoto, kaya ndi njinga, kaya ndi chinthu china. Sanawaphunzitse kuti munthu atha kuwoloka pomwe palibe mizere yowolokera. Munthu yemwe anamuika kuti aziyang'anira anali pa foni.

Nditawerenga pamenepo ndinaika foni pansi. Mayi wokankha njinga ya katundu, kuwoloka popanda mizere: abale, ameneyo si ndine? Si tonsefe a kuno?

Tangoganizani galimoto imeneyo itanyamuka pa wotchi yakale ija ya pafupi ndi mlatho kulowera ku Monkey Bay. Isanafike patali ikumana ndi wa kabaza atanyamula malata mopingasa, wina wanyamula chitseko, wina matumba atatu a makala moti munthuyo sakuoneka. Kompyuta idzati chimenechi n'chiyani? Mbuzi za kuno zimagona pa tala penipeni. Ana a sukulu amayenda m'mbali mwa msewu, ndipo m'malo ena m'mbalimo munadyeka kale. Lachisanu masana anthu akamatuluka mumzikiti msewu umadzaza, tsiku la msika chimodzimodzi. Chakufupi ndi Monkey Bay anyani amakhala pamsewu ngati analipira msonkho.

Ndiye pali zizindikiro zathu zomwe sizili m'buku. Masamba akaikidwa pamsewu, dalaivala wa kuno amadziwa kuti mwina kutsogolo kwafa galimoto, mwina pali maliro, ndipo amachepetsa liwiro, wailesi n'kutsitsa. Mnzake wochokera kutsogolo akamuphethirira magetsi, amamva. Munthu akaima m'mbali n'kugwedeza dzanja, amadziwa ngati akuimitsa galimoto kapena akungopereka moni. Zimenezi makina atha kuphunzitsidwa, sindikukana. Koma pafunika wina woti abwere kudzawaphunzitsa, kudzajambula mapu a misewu yathu, kudzawakonzanso mvula ikakokolola mlatho ngati mmene zinachitikira m'madera ambiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Kampani imaika ndalama pomwe ikuona kuti ibweza. Okwera a ku San Francisco amalipira madola. Ife timakangana ndi kondakitala chifukwa cha chenji.

Komatu ndanenazi ndi za msewu wa tala. Wa ku Liwonde anaukonza, uli bwino, mizere ikuoneka. Nanga wa kwa Makanjira, womwe takhala tikumva malonjezo ake kuyambira tili ana? Ine ndimapitako kukapikula usipa. Nthawi ya dzinja dalaivala amatsika, n'kupinda buluku, n'kulowa m'madzi kuti aone kuya kwake asanalowetse galimoto. Amafunsa anyamata a pamudzi kuti lero anthu akudzera pati. Tikatitimira tonse timatsika n'kukankha. Nanga mapiri a Chowe popita ku Namwera, lole yodzaza ikutsika m'makona aja mabuleki akununkha?

Ena mundiuza kuti foni nazo tinkati sizidzafika kumudzi. Zoona. Ine ndemwe ndinkatumiza ndalama kwa asodzi kudzera mwa kondakitala, nditaimanga m'kapepala, lero ndimangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndili pa benchi. Ndipo tindege topanda woyendetsa tinafika kale m'dziko muno: mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo m'maboma ena anyamulapo mankhwala kupita ku zipatala za kutali. Koma foni ndi yotchipa ndipo imangofuna nsanja imodzi paphiri. Drone imayenda kumwamba komwe kulibe mbuzi, kulibe maenje. Galimoto imafuna msewu, ndipo msewu ndi umene watikanika.

Tsopano ndichite masamu a kumsika. Galimoto zomwe timakwera kuno, ma Sienta, ma Probox, ma minibasi, pafupifupi zonse ndi zakale zochokera ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Zambiri zimafika zitatha zaka khumi kapena kuposa, ndipo kuno zimadzayendanso zaka zina khumi. Umboni mumaumva nokha: dalaivala akangoliza injini, kamayi kena kamayankhula Chijapanizi, ndipo palibe amene amadziwa kuti kakuti chiyani. Ndinamva kuti kamadandaula za khadi yolipirira misewu ya kwawo. Ka TV ka kutsogolo kamaonetsa mapu a ku Japan ife tili pa Namiasi. Ndiye lamulo lake ndi losavuta: chinthu chiyambe chafala m'galimoto wamba za ku Japan, muwonjezere zaka khumi, ndiye chifika pa siteji ya Mangochi.

Nanga ku Japan komweko zafika pati? Mu Malichi 2021 a Honda anatulutsa galimoto ya gawo 3, yotchedwa Legend. Anapanga 100 zokha, zodula kwabasi, ndipo imadziyendetsa pokhapokha pa misewu ikuluikulu galimoto zikathithikana n'kumayenda pang'onopang'ono. A Mercedes-Benz nawo analoledwa zofanana ndi zomwezi ku Germany, pa galimoto za mabwana. Ngati eni ake opanga ali pamenepo, Sienta yodziyendetsa yokha ya sekondi handi sinabadwe n'komwe. Ikadzabadwa, idzakalambe kaye kwawo, ndiye idzabwere kuno kudzapeza msewu wa kwa Makanjira.

Palinso china chomwe bambo a kunyumba anaiwala, poti iwo satumiza katundu. Kwa ine dalaivala si munthu wongogwira chiwongolero. Masiku ena sindipita nawo ku Limbe, ndimangokweza matumba anga a usipa, dalaivala n'kukawapereka kwa mayi amene timagwirizana naye kumeneko. Amadziwa kuti thumba la usipa wouma saliika pansi pa matumba a mpunga, ungafumbutuke. Amadziwa kuti mitambo ikada aime akokere lona. Geni ikavuta amandinyamulira pa ngongole, ndidzalipire katundu akagulidwa. Tsiku lina tinapatuka ulendo kukasiya mayi wodwala kuchipatala, palibe amene anadandaula. Makina angamange chingwe? Angandikhulupirire mpaka Loweruka?

Mukawerenga mpaka apa muganiza kuti ine ndili mbali ya madalaivala, makina ndikudana nawo. Ayi ndithu. Ndili ndi chifukwa changa.

Zaka zisanu zapitazo tinakwera lole ya matani atatu usiku, titapikula nsomba mbali ya ku Monkey Bay, kuti tikafike ku Limbe m'mamawa. Tinali amayi angapo pamwamba pa katundu, titafunda zitenje. Dalaivala anali atayenda usiku wa dzulo lake, masana n'kumadikira katundu osagona bwino, ndipo ife timadziwa. Tinamuona akutsuka kumaso ndi madzi a m'botolo, koma palibe anayankhula, poti aliyense amafuna nsomba zake zifike msika usanadzaze. Chakum'bandakucha, tisanafike pa Liwonde, galimoto inangoyamba kupita kumbali pang'onopang'ono. Panalibe hutala, panalibe mabuleki. Ndinadzidzimuka ndili m'munda mwa eni, mkono utathyoka. Mnzanga amene tinkagawana naye benchi, amene anandiphunzitsa kusiyanitsa usipa wa lero ndi wa dzana pongoununkhiza, sanadzuke. Anasiya ana atatu. Dalaivala uja sanali chidakwa, sanali munthu woipa. Anangogona, mwina masekondi atatu basi.

Ndiye munthu akamandiuza kuti makina sangafanane ndi munthu, ndimavomera, koma ndimakumbukanso kuti makina sasinza. Samwa mowa, sathamangitsana ndi mnzake kulimbirana okwera a pa siteji yakutsogolo, sayankha foni pa kona. Usiku umenewo sitimafuna galimoto yodziwa njira ya ku Limbe. Timangofuna kachinthu koti kalire galimoto ikayamba kuchoka pamzere.

Ndipo apa ndi pomwe ndinapeza nkhani yabwino. Kachinthu kameneko kalipo, ndipo kali m'njira. Ku Japan anakhazikitsa lamulo loti kuyambira Novembala 2021 mitundu yatsopano ya galimoto zing'onozing'ono izikhala ndi mabuleki odzigwira okha ikaona kuti igunda munthu kapena galimoto inzake. A Toyota anayamba kuika zoterezi m'galimoto zawo wamba cha mu 2015, pamodzi ndi kabelu kochenjeza ukamachoka pamzere. Mukakwera zina zomwe zalowa posachedwa, yang'anani pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo: mukaona kabokosi, muli kamera imeneyo. Pa masamu anga aja, 2021 kuwonjezera khumi, ndiye kuti m'zaka za m'ma 2030 galimoto zambiri zolowa kuno zidzakhala nazo. Kudziyendetsa kudzafika chonchi, pang'onopang'ono ngati mmene zinafikira galimoto zosintha magiya zokha, zomwe kale anthu ankaziopa koma lero ndi zomwe zadzaza pa siteji.

Nkhawa yanga ndi yoti tidzazipha tokha. Galasi lakutsogolo likasweka n'kuikapo lina, kamera ija imafuna kuikonzanso ndi makina kuti iziona molunjika. Bampala ikagundidwa, zida za mkatimo zimasokonekera. Ndaonapo ndi maso anga dalaivala atamata tepi yakuda pa kagetsi kochenjeza kuti kasamamusowetse mtendere, ndipo ndamvapo makaniko akunena kuti "tingodula waya, izi n'za ku Japan". Kabelu ka mzere nakonso kamafuna mzere woti kauone. Ngati penti ya pamsewu yafufutika, kamangokhala chete. Choncho funso la kuno kwathu likukhudza amakaniko athu ndi openta misewu kuposa akatswiri a ku America.

Masabata awiri atakwana ndinawauza bambo a kunyumba maganizo anga. Ndinati galimoto yopanda munthu, yoti munthu wamba wa ku Mangochi akhale nayo kapena aikwere pa siteji, alamu anuwa adzafika pomera imvi isanafale. Mwina ku Lilongwe kapena ku Blantyre kudzaoneka ziwiri zitatu zoyeserera, koma pa msewu wa kwa Makanjira padzafunikabe munthu wopinda buluku. Awa ndi maganizo a mayi wogulitsa usipa, mutha kunditsutsa. Iwo anangoti, "Ndalama ndi yanu, koma zikadzabwera musadzati sindinanene."

Ndinakatenga ndalama ija ku banki mkhonde. Mchimwene wanga atabwera ndinamukhazika pa ndowa yomwe ija.

"Ndikulipirira, koma pali mawu awiri. Loyamba, tulo tikakugwira uziima, ngakhale amayi a nsomba akutukwane, ngakhale wotukwanayo ndikhale ine. Lachiwiri, masiku omwe sukupita ku sukulu uzikakhala ku galaja, kwa amene amakonza za magetsi a galimoto. Uphunzire tizida timeneti. Usadzadule waya wa chinthu chomwe sukuchidziwa."

Anaseka, akuti achemwali mwayamba kuyankhula ngati a polisi a pamsewu. Koma anavomera.

Wayamba sabata yathayi. Dzulo anadutsa pafupi ndi msika pa galimoto ya sukulu, chilembo cha L kutsogolo ndi kumbuyo, atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngati chimuthawa. Mbuzi inadumphira pamsewu, iye n'kuponda mabuleki mwamphamvu mpaka injini inazima. Amayi a pa mzere wathu anafa nacho chikhakhali. Ine ndinasekako pang'ono, kenako ndinabwerera ku milu yanga, poti Lachitatu ndi tsiku loyamba kubweza ku banki mkhonde.